Msoko

Mdala Ackroyd anandipeza kugalaja Lachinayi lamvula
atakhwatchira mabeseni awiri achitsulo chosachita dzimbiri.
Akuti, ndamva dzanja lako silinjenjemera,
ndilumikizire awa akhale mpira.
Ndinafunsa, muikamo chiyani?
Anaseka mpaka kutsokomola.
Akuti palibe. Ntchito yonse ndi kuchotsamo.

Ine ndinawotcherera mageti ku Ndirande,
zitsulo zam'mawindo, maloko a anthu osagona tulo,
koma mbava yake ya mkuluyu ndi mpweya.
Wotcherera cham'kati, akutero,
kunja ukasiya kamphako, mpweya ubisala mmenemo
n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati ngongole.
Usagwire ndi dzanja.
Thukuta la chala chimodzi lifuka mlungu wathunthu.

Shedi yake ili kuseri kwa nyumba, ku Rotherham,
pakati pa bini ndi mtengo wa maapozi wosabala.
Tinamanga mabawuti modumphadumpha,
ili, kenako la tsidya, kenako ili,
mpaka chitsulo chinaluma mkombero wamkuwa.
Pampu inayamba: gu gu gu gu,
singano n'kumatsika, kutsika,
basi yaima.

Zii.
Mdala sanandiyang'ane.
Anadontheza sipiriti potsata msoko wanga
ngati namwino wofuna mtsempha,
pena pake singano inadzidzimuka.
Kabowo kochepa kuposa tsitsi la khanda.
Zaka makumi awiri ndili ndi ndodo yamoto m'manja,
ndatsutsidwa ndi chinthu chimene sindichiona.
Ndinabwerera nawo mpirawo pabasi, pamiyendo,
ana asukulu akundiseka.

Pakati penipeni pamakhala kadengu kawaya,
kukula kwake ngati ndimu.
Ndinakapala ndi fayilo usiku wonse
poti magetsi, akuti, amakonda nsonga:
ukawasiyira kaminga amalumphira pomwepo, thetheru,
osatsata njira.
Anandijambulira pa envulopu ya khonsolo:
khoma ndi phiri, kadengu ndi chigwa,
koma mtsetse wake sungauponde, sungauone.
Tinthu ta gasi timagubuduka kuchokera mbali zonse,
timafika pakati, n'kuphonyana,
kukwera tsidya, kubwerera, kuphonyananso.
Tambiri timafera pawaya.
Kamodzi mwa kambirimbiri, tiwiri timakumana mphumi ndi mphumi
osasiyananso.
N'chifukwa chake mpweya uchoke, akuti,
munthu pamsika wodzaza sathamanga.

Sindinayankhe.
Ndinkaganiza za Nangondo
amene amalowa m'nyumba ikamakwana seveni m'mawa
akununkha sopo wa kunyumba ya okalamba,
ine ndikumanga nsapato.
Wadzuka bwanji. Makiyi ali pafiriji.
Chitseko, phwa.

Usiku wa Disembala, chisanu chitagwira udzu,
singano inatsika osaima.
Tinakhala patali, kuseri kwa mtovu,
kuonera pa kanema wakale wa malemu mkazi wake.
Dzanja limodzi m'thumba, anandilamula,
mavoloti awa sapepesa.
Anapotokola kabatani pang'ono. Pang'ononso.

Poyamba chifunga, chofiirira ngati chilonda chopola.
Kenako chinadzikundika, chinadzimanga mfundo,
ndipo m'kati mwa kadengu kanga
kanyenyezi, ngwee,
malaza ake akutulukira m'mipata ya waya.
Kamakina kowerenga kanati the.
Kanakhala. Kanatinso the.

Ndinafunsa ngati tsiku lina kadzayatsa nyumba.
Akuti ngakhale ketulo sikangawiritse,
kamadya zambiri kuposa zimene kamabweza.
Mita kukhitchini inali kuthamanga ngati yaba.
Nanga bwanji?
Anavula magalasi, napukuta ndi juzi,
nayamba kunena za fakitale yazitsulo imene inatsekedwa,
osamaliza.

Iye ankayang'ana kuwalako.
Ine maso anali pamsoko,
mzere wa mamba ang'onoang'ono wozungulira mimba ya mpira,
thambo lonse la Yorkshire likuukankha kuti lilowe,
iwo uli phee.

Ndinajambula pafoni, ndinatumizira Nangondo.
Anayankha itadutsa folo koloko m'bandakucha:
N'chiyani chimenechi? N'chokongola.
Ugule mkaka.